ZA M'BANJA LACHIKRISTU: Sukulu ya Pamoto



Chisanu chafika. Mwera wayamba kuomba pa nyanja ya Malombe, ndipo asodzi akocheza ngalawa zao msanga. Ku mapiri a Chikala ndi Malosa nkhungu igona kufikira dzuwa litakwera, ndipo masiku ena chiperoni chivumba osaleka, kamvula kaja kosanyowetsa nthaka koma kolowa m'mafupa. Angakhale ku chigwa cha Utale ndi Phalula, kumene tizolowera kudandaula ndi kutentha, mbandakucha wa Juni udzutsa munthu wopanda bulangete tambala asanalire. Chimanga chalowa m'nyumba, thonje likutoledwa, mpunga wa ku Chilwa ndi ku Chiuta ukupunthidwa, nandolo ali pafupi kuuma. Dzuwa lilowa msanga, usiku utalika, ndipo banja limene pa dzinja linali lobalalika m'minda tsopano lisonkhana kuzinga moto umodzi.

Mwezi uno tifuna kukamba nanu za moto umenewo. Pakuti suli wootha wokha ai: ndiwo sukulu yoyamba ya mwana, ndipo aphunzitsi ache ndinu.

Chaka chija sukulu zinatsekedwa

Ambiri a ife tinaphunzira zimenezi ndi misozi m'chaka cha 2020. Mukumbukira kuti pa 23 Malichi Boma linatseka sukulu zonse chifukwa cha mliri wa Covid-19, niletsanso misonkhano ya anthu opitirira 100. Tinayesa kuti ndi tchuthi cha masabata awiri kapena atatu. Koma masika anadutsa, chisanu chonse chinadutsa, zitseko zili chitsekere. A Sitandade 8 ndi a Fomu 4 anabwerera pa 7 Sepitembala, ndipo ena onse anadikira kufikira pa 12 Okutobala. Boma linaika maphunziro pa wailesi, ndipo tiyamika; koma nyumba zingati zinali ndi wailesi ya mabatire amoyo? Chotero miyezi yoposa 6 ana anatsala m'manja mwa makolo ao okha, ndipo pamenepo panaoneka poyera nyumba imene inali sukulu ndi nyumba imene inali chigono chabe.

Tidziwa mudzi wina kufupi ndi Utale kumene makomo awiri ayang'anana. Maina sititchula, pakuti eni ache alipo. Pa khomo loyamba panali agogo amasiye, osadziwa angakhale lemba limodzi, akulera adzukulu 4. Wamkulu anali mtsikana wa Sitandade 7. M'mawa uliwonse, ana atamwa phala, agogo aja ankayala mkeka kuseri kwa nyumba kumene kulibe mphepo, naitana onse kudzaothera dzuwa, nauza mtsikanayo kuti: “Iwe, zimene anakuphunzitsa aja, patsako ang'ono ako.” Mtsikana ankasalaza dothi ndi dzanja, nalemba ndi kamtengo, ang'ono natsanzira. Agogo sankanena kanthu. Ankangokhala pompo kusankha nyemba m'lichero. Koma pokhala iwo pompo, panalibe wothawa.

Pakati pa Julai kunabwera mnyamata wochokera ku Joni, ali ndi foni, nsapato zonyezimira ndi mabulangete awiri onenepa, natuma mau ofunsira mtsikana uja. Atsibweni ache a mwanayo, poona umphawi wa pakhomopo, anayamba kufewa mtima, nati: “Sukulu yatha basi, kodi muona ngati adzatsegulanso? Mwana wakula uyu.” Agogo anayankha kuti: “Achimwene, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Sukulu siinathe ai; bwerani mawa m'mawa mudzaione kuseri kwa nyumba.” Atsibweni anabweradi, nakhala pa mtondo, namva kamnyamata ka zaka 7 kakuwerenga maina a anthu a m'banjamo olembedwa pa dothi, ndi dzina lao lomwe. Anabwerera kwao osanenanso za ukwati.

Pa khomo linalo panali atate ndi amai amoyo, onse odziwa kuwerenga. Koma atate ankati kuphunzitsa ndi ntchito ya aphunzitsi amene alandirapo malipiro, ndipo ndalama za thonje zitalowa m'thumba, ankabwera kunyumba ana atagona. Amai, potopa ndi phokoso, ankauza ana kuti azikasewera kutali. Mwana wao wamkazi, mnzache wa uja tamtchula, ankatumidwa kukagulitsa zigumu pa msewu kufikira mdima. Pamene sukulu inatsegulidwa, mpando wache unakhala wopanda munthu, pakuti anali ndi pakati. Ndipo sanali yekha: chaka chimenecho m'maboma a Machinga ndi Mangochi atsikana ochuluka anatenga mimba kapena kukwatiwa asanakhwime, kotero kuti mbiri yache inamveka dziko lonse.

Sitinena izi kuti tiweruze munthu. Ifenso amene tilemba mau awa tinataya Epulo ndi Meyi wathunthu tikungodikira chilengezo cha pa wailesi. Ndipo tsiku limene tinayamba kuphunzitsa mwana wathu wamng'ono, tinampanda khofi chifukwa chosokoneza b ndi d, mwanayo nakhala masiku atatu osafuna kuona kope. Tinachita manyazi, ndipo tinazindikira kuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Si chinthu chachilendo

Wina adzati: “Mliri uja unapita, ana ali pa sukulu, nanga mutikumbutsiranji zakale?” Tiyankha kuti udindo umene unaonekera chaka chija sunabadwe ndi mliri, ndipo sunafe ndi mliri. Chiyambire 1994, pamene sukulu za pulaimale zinakhala zaulere, ana achuluka m'makalasi kotero kuti mphunzitsi mmodzi, angakhale wachangu chotani, sangathe kugwira dzanja la mwana aliyense. Tiona ana ofika Sitandade 4 osatha kuwerenga chikwangwani cha pa chigayo. Ndiponso ana ambiri a kuno akulira m'Chiyao kapena m'Chilomwe, nakomana ndi Chichewa cha m'buku tsiku loyamba la sukulu. Wakuwathandiza madzulo ndani, ngati si inu?

Eklezia sanasinthe mau ache pa nkhaniyi. Papa Pio XI m'kalata yache ya mu 1929 ya za maleredwe achikristu, ndiponso Msonkhano wa Vatikano Wachiwiri mu 1965, anaphunzitsa chimodzimodzi: kuti makolo, popeza anapatsa mwana moyo, ndiwo aphunzitsi ache oyamba, ndipo sukulu idza kudzawathandiza, osati kudzawalanda ntchitoyo. M'buku la Deuteronomo, mutu 6, Mulungu alamula Aisraele kuti aziphunzitsa ana ao malamulo ache m'nyumba ndi pa njira pomwe. Paulo Woyera akumbutsa Timoteo kuti chikhulupiriro chache chinayambira mwa agogo ache Loisi ndi mwa amai ache Yunisi.

Kumbukiraninso Amaritiri a ku Uganda, amene tichita chaka chao pa 3 Juni. Kuyambira 1882 kufikira 1885 ansembe anachoka m'dziko la Buganda, Akristu atsopano aja natsala okha opanda Misa, opanda sukulu. Kodi chikhulupiriro chinazima? Iai. Anaphunzitsana okhaokha m'nyumba zao, wodziwa pemphero limodzi napatsa mnzache, ndipo ansembe pobwerera anapeza ophunzira atachuluka. Mwa anyamata amene anaphunzira chotero munatuluka Kizito, wamng'ono wa onse, amene anafera Kristu ku Namugongo mu 1886 pamodzi ndi Karoli Lwanga amene anam'batiza.

Ndipo kwathu konkuno, pamene Abambo a Montfort anafika ku Nzama mu 1901, natsegula misyoni ya Utale mu 1908, sukulu zoyamba za m'midzi zinalibe njerwa kapena mabenchi. Munali mthunzi wa mtengo, dothi losalazidwa, ndi mphunzitsi mmodzi amene analinso wophunzitsa katekisimu. Makolo a makolo athu anaphunzira a, e, i, o, u ndi chala pa mchenga. Chuma chimene iwo anali nacho, inunso muli nacho pakhomo panu.

Nanga tichite bwanji?

Choyamba, sankhani nthawi imodzi, ndipo musaisinthe. Masiku a sukulu ikhale madzulo, ana atatunga madzi, kusanade. Loweruka ndi masiku a tchuthi ikhale m'mawa, dzuwa litayamba kufunda, pakuti zala zozizira sizigwira pensulo. Isatalike: theka la ora likwanira kwa ang'ono, ora limodzi kwa okulirapo. Pang'ono tsiku ndi tsiku paposa zambiri kamodzi pa mwezi.

Chachiwiri, musadikire mabuku. Dothi ndilo kope losatha masamba. Khala la pamoto lilemba bwino pa chikatoni chakale. Chichewa chili ndi mwai uwu, kuti mau alembedwa monga momwe amvekera; tsono mwana akagwira malemba asanu aja, a, e, i, o, u, muwaphatikize ndi lemba limodzi pa tsiku: ma, me, mi, mo, mu; mawa lache ta, te, ti, to, tu. Posachedwa adzalemba yekha “moto” ndi “mutu”, ndipo mudzaona nkhope yache ikuwala. Pambuyo pache alembe dzina lache, dzina la mudzi, maina a abale ache. Akatero m'patseni buku la mapemphero, pakuti Atate Athu ndi Tikuoneni Maria awadziwa kale pamtima, ndipo maso adzatsata chimene pakamwa padziwa. Chowerenga china chili ponseponse: thumba la feteleza, khadi la kusikelo, ndi kalata ino yomwe.

Chachitatu, masamu atengeni m'ntchito ya masiku ano. Ino ndiyo nyengo ya sikelo, ndipo palibe wosadziwa kuti alimi ambiri aberedwa chifukwa chosadziwa kuwerengera. Wamng'ono awerenge zitsononkho ndi kuziika m'milu ya 10. Wokulirapo m'funseni chotere: “Tiyese kuti wogula wati kilo ya nandolo ndi K500, ndipo thumba lathu lalemera makilo 48, atipatse zingati?” Akapeza K24,000, mumtenge tsiku la msika, aime pafupi ndi sikelo, aone yekha pamene paima muvi. Muwerengerenso naye matumba a chimanga amene mwakolola ndi miyezi imene yatsala kufikira masika ena. Mwana amene waona ndi maso ache kuti matumba 8 sadzafika Febuluwale sadzalira pamene mukana kugulitsa chimanga kuti mugule zachabe.

Chachinai, mkulu aphunzitse mng'ono. Umo ndimo anachitira agogo a ku Utale aja, ndipo phindu lache lili pawiri: wamng'ono alandira, wamkulu akhwimitsa zimene adziwa. Makamaka kwa mtsikana wosinkhuka, kutchedwa mphunzitsi pakhomo kumpatsa ulemu umene ena aufuna m'njira zoipa. Koma musamsenzetse zonse, kutunga, kuphika, kulera ndi kuphunzitsa, alongo ache ali khale. Mnyamatanso atole nkhuni, atsuke mbale, kuti mlongo wache apeze nthawi ya makope ache.

Chachisanu, ntchito ya manja ndi phunzironso. Mwana aphunzire kuluka mkeka, kusoka chigamba, kufutsa ndiwo, kusamala mbuzi, kuthirira dimba, kusankha mbeu ya chaka chamawa. Ambuye Yesu mwini anakhala zaka 30 ku Nazareti m'nyumba ya mmisiri wa matabwa asanayambe kulalika.

Chachisanu ndi chimodzi, usiku ukhale wa nthano ndi pemphero. Makolo athu anadziwa chimene anachita poletsa nthano usana ndi kuzisungira nyengo ino, ntchito ya kumunda itapepuka. Agogo akati “Padangotero”, ana nayankha “Tili tonse”, pamenepo mwana aphunzira kumvetsera, kukumbukira ndi kulongosola nkhani kuyambira kumutu kufikira kumchira. Ndipo mwana wotere savutika pa sukulu. Mawa lache iye abwereze nthanoyo ndi mau ache. Pakati pa nthano za Kalulu ndi Fisi ikanipo mbiri ya Yosefe wogulitsidwa ndi abale ache, ya Davide ndi Goliati, ya mwana wolowerera. Potsiriza funsani funso limodzi la katekisimu, mupemphere chigawo chimodzi cha Korona, ana nagona. Foni ndi wailesi zikhale chete ora limenelo, za atate zomwe.

“Koma ine sindinapite ku sukulu”

Mau awa tiwamva kawirikawiri, makamaka kwa amai, ndipo awanena ndi manyazi. Tamverani. Amai a Yoane Bosko Woyera, Margarita, sanadziwe kuwerenga. Amuna ao anamwalira mu 1817, mwanayo ali ndi zaka ziwiri, iwo natsala m'umphawi. Koma mapemphero ndi katekisimu zimene anasunga pamtima anaphunzitsa ana ao, ndipo mwana uja anakula nakhala tate wa sukulu zosawerengeka pa dziko lonse. Simudziwa malemba, inde. Koma mudziwa kukhazika mwana pansi, mudziwa kufunsa kuti “lero mwaphunzira chiani, tandiuza”, mudziwa kuyang'ana m'kope ngati mwalembedwa kanthu kapena ai. Ndipo mukauza mwana kuti “ndiphunzitse inenso kulemba dzina langa”, simudzapeputsidwa. Mwanayo sadzaiwala tsikulo kufikira imvi.

Pamene pakhomo palibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kuwerenga, nkhaniyo ifike ku mphakati, umene ena ati limana. M'mudzi simulephera kukhala mnyamata kapena mtsikana wa ku sekondale, kapena mphunzitsi wopuma, amene angasonkhanitse ana a makomo atatu kapena anai pa bwalo limodzi. Ana a anansi athu Achisilamu akabwera, alandireni ndi manja awiri, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipo changu chimene makolo ao aonetsa potumiza ana ku madrasa masana chitichititse ife manyazi abwino.

Chenjerani ndi moto womwewo

Moto umene utisonkhanitsa ndiwonso upweteka ana ambiri nyengo ino. Mwana wokwawa asasiyidwe yekha pafupi ndi mafuwa angakhale kanthawi kotunga madzi pa mtsuko. Wodwala khunyu akhale patali ndi moto, ndipo wina amuyang'anire. Mwana akapsa, thirani madzi ozizira aukhondo pa balapo nthawi yaitali, osapakapo dothi, mazira kapena mankhwala otsukira mano, ndipo mupite naye ku chipatala. Musagone ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka, pakuti makala atulutsa mpweya wosaoneka, wosanunkha, umene upha anthu ali m'tulo. Mwana akatsokomola ndi kupuma mofulumira, nthiti zikulowa m'kati, chimenecho chikhoza kukhala chibayo. Musadikire kuti kuche kawiri. Ndipo masikito asapindidwe chifukwa kwazizira, pakuti m'mbali mwa Shire ndi m'madambo udzudzu sutha.

Mau kwa atate ndi kwa atsibweni

Inu atate, sitinakuiwaleni. Ndalama za masika zifika kamodzi pa chaka, ndipo zili ndi miyendo. Musanapite nazo kumene kuli ng'oma ndi kachasu, patulani za makope, pensulo, juzi ya mwana ndi bulangete. Mwana wogona mozizidwa sadzuka m'mawa kupita ku sukulu. Inu amene muli kutali, ku usodzi wa ku Chilwa kapena ku Joni, mukaimba foni musafunse za mbuzi zokha. Itanani mwana, akuwerengereni mzere umodzi. Adzakonzekera sabata lathunthu kuti atate amve.

Inu atsibweni, eni mbumba, mau anu alemera pa ana a alongo anu koposa mau a wina aliyense. Dziwani kuti lamulo la maukwati la mu 2015, ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017, ziletsa ukwati wa munthu wosafika zaka 18. Koma Mkristu sayenera kudikira wapolisi kuti amuuze zimene chikumbumtima chinena kale. Chisanu chikamatha kudza tchuthi chachikulu ndi nyengo ya zinamwali, ndipo ndi pamenepo ana ambiri atayika. Mwana wobwerera ku tchuthi ali ndi makope m'manja ndiye ulemu wa mbumba yanu.

Tsono musatimve molakwa. Sitinena kuti muchotse ana ku sukulu ndi kuwasunga pakhomo. Kutero kukanakhala kuwalakwira kwakukulu. Atumizeni tsiku lililonse, angakhale kuzizire chotani, ndipo lemekezani aphunzitsi ao. Chimene tinena ndi ichi, kuti mphunzitsi abzala, koma wothirira ali kunyumba. Ndipo m'mera mpoyamba.

Pa 26 Julai tidzachita chaka cha Anna ndi Yoakimu Oyera, makolo a Maria Virigo, amene pa zithunzi zambiri za m'matchalitchi tiona Anna atakhazika mwana wache pambali, buku lili pa maondo. Tipempha banja lililonse kuti kuyambira lero kufikira tsikulo lisunge theka la ora lija osaphonya, ndipo pa tsiku la chakacho mwana aliyense aonetse ku mphakati chimene waphunzira: wina dzina lache, wina pemphero, wina nthano. Mtsikana wa ku Utale uja anatsiriza pulaimale, napita ku sekondale; agogo ache anamwalira akudziwa kulemba malemba a dzina lao, ndipo anawaphunzitsa ndi kamnyamata kaja.

Banja Loyera la ku Nazareti lisunge nyumba zanu, lifunditse ana anu, ndipo tidzakambanso mwezi wa mawa, Mulungu akalola.